Mwendo Wachinayi wa Magogo

Mundilole ndilankhule chikhalire, abale. Miyendo iyi yaima pa simenti sabata yonse, lero ikukana. Amene muli kumbuyoko mukapanda kumva mungokweza dzanja, ndikweza mawu.

Ine ndine Lasitoni, kwathu ndi ku Ntcheu. Ambiri mumandidziwa ngati bambo uja wa pa galaja ku Bertrams, wosema zitsulo. Ena munalipo tsiku lija ndinaimirira m'holo muno momwe n'kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Ndikukuonani, musawerame, inu simunalakwe kubwera ku msonkhano. Akuluakulu andipempha kuti ndilankhule ndi anyamata mwangofika kumene ku Joni, komanso ndi inu amene zinthu zakuthinani mpaka mwayamba kuganizira anthu. Ndiye ndikuuzani za mashini anga, za mowa, ndi za alamu anga a Binwelo.

A Binwelo ndi achimwene awo aakulu a mayi a kunyumba kwanga, mayi a Tadala. Ndiwo anandilandira pa Park Station nditatsika basi, mavoti a kuno atangodutsa kumene. Ntchito yawo ndi yokankha ngolo ya katundu wa anthu okwera mabasi a kumudzi. Ndinagona pansi m'chipinda chawo ku Yeoville mpaka nditapeza ntchito pa kafakitale kena ku Jeppe, pakuti zosema zitsulo ndinaphunzira kale ku Limbe. Mkazi wanga ndi mwana anabwera pambuyo pake, ndipo anawalandira ndi iwo omwewo.

Pa fakitale paja panali mashini akale osemera zitsulo. Kwa amene simunawaonepo, mashiniwa amaluma chitsulo n'kumachizunguza, iwe n'kumachisenda ndi kampeni kolimba mpaka chitafika pa muyeso umene ukufuna. Kampeniko kamakhala pa kangolo koyenda pa njanji ziwiri zosalala. Njanji zimenezo ndiye moyo wa mashini onse. Anzanga a Chizulu ankawatcha Magogo, chifukwa anali akale kuposa tonsefe. Koma kudula kwake, eish! Ukaika chitsulo chachitali ngati mkono, muyeso wa kuno ndi wa uko unkangofanana ndendende.

Kenako mzungu wathu anatseka fakitale, akusamukira kunja. Mashini atsopano anagulitsa. Atafika pa Magogo anangoti, "Lasitoni, ngati ungathe kuwachotsa muno, tenga." Tsiku limenelo ndinayenda wapansi kuchokera ku Jeppe mpaka ku Yeoville ndikuseka ndekha ngati wopenga.

Ndinapeza galaja kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachikulire wa Chipwitikizi. A Binwelo anasonkhanitsa anzawo okankha ngolo, tinakweza Magogo pa lole ndi tcheni, n'kuwalowetsa m'galajamo powagubuduza pa mapaipi. Titamaliza, tonse thukuta kamukamu, alamu anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Alamu, pansi pano sipali bwino. Taonani, ngolo yanga ndikaisiya ikuyenda yokha kupita kukhomo."

Ndinaseka. Ndinati, "Alamu, inu dziwani za ngolo, za mashini musiyire ine."

Ndinaboola simenti n'kuika mabawuti. Miyendo itatu inakhala pansi bwinobwino. Wachinayi, wa kumchira cha kukhomo, unali m'malere pang'ono. Ine ndinatenga paipi, n'kuivekera pa sipanala, n'kukoka ndi mphamvu zanga zonse mpaka mwendowo utapsompsona simenti. Ndinaugunda ndi phazi, uli nji. Ndinati basi, Magogo akhazikika. Mugwire pamenepo, abale, tibwererapo.

Ndinasintha mota kuti igwirizane ndi magetsi a m'nyumba, ndinanola timipeni tanga, ntchito n'kuyamba. Poyamba zinkayenda. Amakanika a mateksi ankabwera ndi mabushi, timphete tija tozunguliramo zitsulo, owotcherera ankafuna mahinjesi a mageti, atelala ankabwera ndi tizitsulo ta mashini awo osokera. Zonsezo zinali tinthu tatifupi. M'mawa uliwonse a Binwelo ankadzera pa galaja popita ku Park Station, atandinyamulira mtedza wokazinga m'kapepala. Ankasisita mashini n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, Magogo?" Tinkadya mtedzawo chiimire, iwo n'kupitirira.

Vuto linaoneka nditayamba kulandira ntchito zazitali. Ukasema shafiti, ndodo yachitsulo yozungulira ija, kuno ikukwana, uko ikugwedera. Ndinati mwina ndine, ndinasemanso, chimodzimodzi. Ndinanolanso kampeni, ndinasintha lamba, ndinamasula chaki, chija choluma chitsulo, n'kuchitsuka. Ayi ndithu, chitsulo chinkatulukabe chonenepa mbali imodzi ngati chinangwa. Makanika wina anabweza shafiti poiponya pakhomo n'kunditukwana m'Chizulu, mawu oti sindingawabwereze muno. Mbiri inayenda m'magalaja onse kuti mkwerekwere, paja ndi mmene amatinyozera obwerafe, wa ku Bertrams amaononga zitsulo za anthu.

Apa ndithamanga, chifukwa njira yake ambiri mukuidziwa. Ntchito itachepa ndinayamba kutseka msanga. Pa kona panali shabini. Botolo limodzi loziziritsa mutu linasanduka awiri, kenako ndinayamba kugula zitini za mowa n'kumamwera m'galaja momwemo, mashini ali zii. Ku shabiniko kunali anzathu a kumudzi, ndipo ndi iwo anandipatsa nzeru. Ankati, "Achimwene, mashini ankadula bwino ku fakitale, afika kwa inu apenga. Inu simukuona? Pali dzanja la munthu apa."

Mawu amenewo anandikomera, ndisakunamizeni. Ndi okoma kuposa kumva kuti walakwitsa ndiwe. Ananditengera kwa sing'anga wina m'tauni, kuja amagulitsa mankhwala kunsi kwa milatho. Sing'angayo sanatchule dzina la munthu. Anangondifunsa kuti, "Ndani amafika pa ntchito pako m'mawa anthu ena asanafike? Ndani amakhudza mashini ako? Ndani amakupatsa chakudya?" Mafunso atatu onsewo yankho lake linali limodzi. Ndinatuluka m'menemo ndikuganizira a Binwelo.

Anandipatsa mankhwala m'kabotolo: phulusa, mchere wa miyala wosinja, ndi mafuta a nyama. Anati ndizipaka pamene mashini amayendera m'mawa uliwonse. Abale, ine ndi munthu woti ku Limbe ndinakwapulidwapo ndi bwana chifukwa chosiya kamchenga kamodzi pa njanji. Ndinkadziwa kuti phulusa limadya chitsulo ndipo mchere umaitana dzimbiri. Koma ndinapaka, ndi chala changa ichi, tsiku ndi tsiku. Njanji zinayamba kufiira, kangolo kanayamba kulimba ndi kulira, muyeso unasokonekera kuposa kale. Ine m'malo mozindikira ndinkati, mwaona, mfitiyo yawonjezera mphamvu.

Mtedza wa alamu ndinasiya kudya. Poyamba ndinkalandira n'kunena kuti ndidya nthawi ina, iwo akangopotoloka n'kutaya mu ngalande. Tsiku lina, matsire ali tho, atanditambasulira kapepalako ndinawamenya dzanja. Mtedza unamwazika pa simenti ponseponse. Ndinati, "Chakudya chanu sindidzadyanso, ndipo mashini angawa musadzawakhudzenso." Anandiyang'ana, n'kuwerama, n'kuyamba kutola mtedzawo kamodzikamodzi. Munthu wamkulu, imvi zili mbuu, akutola mtedza pa mapazi anga.

Lamulungu lotsatira ndinabwera muno nditamwa. Mapemphero atatha, anthu akukambirana za makatundu opita kumudzi, ndinaimirira n'kunena zonse. Ndinati a Binwelo andilodzera mashini chifukwa cha nsanje, poti iwo akukalambira pa ngolo. A Binwelo anali pomwepo. Iwo anangofunsa mawu awiri okha, "Alamu, ine?" Anatenga chipewa chawo n'kutuluka.

Anyamata atsopanonu mumve bwino apa. Kumudzi ukatchula munthu kuti mfiti, ali ndi abale, ali ndi munda, ali ndi pothawira. Kuno ku Joni munthu amakhala ndi moyo chifukwa cha anzake a kumudzi. Chipinda umachipeza kudzera mwa iwo, ganyu umamumva kwa iwo, ukamangidwa amakusaka ndi iwo. Ine ndinawadula zonsezo ndi pakamwa panga. Anthu anasiya kuwapatsira katundu wopita ku basi. Anzawo a m'chipinda anawauza kuti asamuke. Azimayi ankakoka ana awo akawaona. A Binwelo anakathera m'nyumba ina ya mdima m'tauni, yopanda madzi, akugona kunsi kwa masitepe.

Mayi a Tadala sanakuwe, sanatukwane. Anamanga katundu. Ndikuwaletsa anati, "Abambo a Tadala, munthu amene mwamutcha mfitiyo anandilera ine mayi athu atamwalira. Ndikupita kumudzi. Tsiku limene ndidzamve kuti inu ndi achimwene mwadyera limodzi, ndidzabwera. Popanda zimenezo musanditumizire ngakhale moni." Katundu wawo anapita ku basi pa ngolo ya a Binwelo, Tadala atakhala pamwamba pake. Ine ndinkaonera patali, nditabisala kuseri kwa teksi.

Zotsatira zake ndi zija zomwe. Chipinda chimene tinkachita lendi ku Yeoville chinapita, ndinayamba kugona m'galaja pa makatoni. Zida ndinkagulitsa chimodzichimodzi: mabiti oboolera, chaki chachiwiri, masipanala abwino. Chilichonse chinkasanduka zitini, ndipo zitinizo zinaunjikana pakona mpaka kufika m'chiuno. Ndinkanunkha. Agalu a pa msewu paja anasiya kundiuwa, anandizolowera ngati mnzawo. Mayi wa nyumba uja anabwera n'kuima patali atatseka mphuno, n'kundiuza kuti mwezi ukatha ndichoke ndi chitsulo changacho.

Ndiye ndinaganiza zogulitsa Magogo kwa a sikirapu, akaphwanyidwe. Ndinaitana a Tembo, bambo wa ku Katete ku Zambia amene ankagula zitsulo zakutha ndi kalole kake. Anafika m'mawa wina m'nyengo yozizira, kuzizira kuja kwa kuno kolowa mpaka m'mafupa. Ine mutu ukuwawa ndi matsire. Anazungulira mashini, akugogoda ndi kiyi, n'kunena m'Chinyanja chawo chija, "Mudala, iyi ni nsimbi yabwino maningi. Mufuna zoona niiphwanye?"

Ndinati, "Tengani. Ndi yolodzedwa."

Anaseka pang'ono, n'kunena kuti sikelo siidziwa za ufiti, timasule mabawuti.

Apa ndichedwepo, abale.

Bawuti woyamba anamasuka bwinobwino. Wachiwiri chimodzimodzi, wachitatunso. Titafika pa wachinayi, wa kukhomo uja, sipanala inakana. A Tembo anakoka, osatheka. Ndinakatenga paipi yomwe ija, inali idakali pakona kunsi kwa zitini. Tinaivekera, tinagwira awiri, n'kukoka. Nati inalira, inazungulira kamodzi, kawiri. Kenako tinangomva gu! Magogo onse anagwedezeka, ngati munthu amene wamasulidwa chingwe n'kudziwongola msana. Mwendo uja unanyamuka wokha kuchoka pa simenti.

Chitseko chinali chotsekula, ndipo dzuwa la m'mawa linkalowa chopendekera. Ndinaona kuwala kukudutsa kunsi kwa mwendowo. A Tembo anagwada n'kulowetsa nsonga ya kiyi pa mpatawo, inalowa osakhudza kanthu. Anaimirira n'kukankha mashini ndi dzanja limodzi. Chinthu chimene tinachilowetsa amuna gulu lonse chinagwedera, gwede, gwede, ngati tebulo la ku shabini.

"Mudala," anatero a Tembo, "nindani anamanga iyi bawuti?"

Ndinati, "Ine."

"Na paipi?"

"Ndi paipi."

"Ah, imwe. Munaipotola msana. Izadula bwanji mowongoka?"

Sanandiphunzitse chachilendo. Ndinkadziwa kuti njanji zikapotoka, ngakhale pang'ono poti diso silingaone, kampeni kamayenda chokhota ndipo chitsulo chimatuluka chonenepa mbali imodzi. Kungoti moyo wanga wonse ndinkapeza mashini ataikidwa kale ndi anthu ena. Ndinali ndisanakhazikepo ngakhale amodzi. Ndinkadziwa kuwayendetsa, ndiye ndinkayesa kuti ndikudziwa zonse.

Ndikubwerera m'mbuyo ndinapunthwa pa mulu wa zitini. Chimodzi chinagwa, n'kuyamba kugubuduka chokha pang'onopang'ono, kudutsa pa mapazi a a Tembo, mpaka kukatulukira pakhomo. Ndinachiyang'ana mpaka chitaima panja. M'makutu mwanga munamveka mawu aja, "Alamu, ngolo yanga ndikaisiya ikuyenda yokha." Munthuyo anandiuza tsiku loyamba lenileni, anthu akumva, ndipo ine ndinamuseka.

Ndinakhala pansi pa simenti yozizirayo. Sindinalire. Ndinachita manyazi oti ndinalakalaka simenti itang'ambika ndilowemo. Ndinachitanso mantha, chifukwa bawuti ndinali nditamasula, koma mawu ndinalankhula muno aja analibe nati yoti n'kumasula. Ndinaganiza za a Binwelo atadzipinda kunsi kwa masitepe m'kuzizira kumeneko, chifukwa cha paipi imene inali m'manja mwanga.

A Tembo anadikira, kenako anati, "Manje tikweza olo sitikweza?"

Ndinati, "Sitikweza."

Anadandaula za petulo wawo, ananditcha chidakwa, zomwe zinali zoona. Atafika pakhomo anatembenuka n'kuloza mulu wa zitini uja. Anati ndidule zimenezo ndiziike kunsi kwa mwendo, mwina mowa wanga ungagwireko ntchito kamodzi.

Tsopano za kubwerera. Sizinali zozizwitsa, abale, inali ntchito yotopetsa. Choyamba ndinakataya kabotolo ka sing'anga m'chimbudzi. Ndinakagwada kwa mayi wa nyumba kupempha nthawi, ndinamukonzera geti limene linkakwekwereza pansi, iye n'kundiwonjezera mwezi. Ndinachotsa kangolo pa njanji n'kutsuka zonse ndi palafini. Phulusa linali litalowa paliponse, m'timabowo ta mafuta, m'mano a magiya, ndipo ndinkalikolowola ndi kawaya masiku ambiri. Dzimbiri ndi mikwingwirima ndinapukuta ndi kamwala kosalala konolera, mofatsa, osadya chitsulo. Tinsalu ta pa kangolo topukuta njanji tinali titatha, ndinadula tina pa chipewa chakale. Ndinathira mafuta oyera opepuka. Girisi pa njanji ayi, amagwira zinyenyeswa n'kusanduka msasa.

Zitini ndinazidula ndi sizasi imene mayi a Tadala anaiwala. Ndinaziwongola n'kuzisanja kunsi kwa mwendo uja mpaka mpata utatsekeka popanda kukakamiza. Mabawuti ndinangomanga ndi dzanja ndi sipanala yaifupi, paipi ndinaiponya padenga. Kenako kuyesa. Umaika chitsulo chachitali m'chaki, n'kusenda pang'ono kuno, pang'ono uko, n'kuyeza ndi veniya, kachida koyezera kaja, kamene mwamwayi ndinali ndisanagulitse. Zikasiyana umawonjezera kachitini kamodzi kutsogolo kwa mwendo kapena kumbuyo, n'kusendanso, n'kuyezanso. Mawa lake umayezanso, chifukwa chitsulo chimene chakhala chopotoka nthawi yaitali sichiwongoka tsiku limodzi.

Pamenepa m'pamene mowa unandionekera bwino. Timizere ta pa veniya ndi tating'ono ngati tsitsi. Ndikamwa sindinkationa, ndikapanda kumwa manja ankanjenjemera moti kachidako kankagogoda pa chitsulo. Ndinayenera kusankha. Ndinasiya kudzera pa kona ya shabini, ndinkazungulira msewu wa kumtunda ngakhale unali wautali. Ludzu likandigwira ndinkaphika tiyi wa shuga wambiri n'kutenga nsanza kumapukuta Magogo, ngakhale atayera kale. Ndinagweranso mu mowa kawiri, ndisabise. Ulendo wachiwiri ndinadzuka m'ngalande nsapato atandivula. Ndinabwerera ku galaja wopanda nsapato n'kuyambiranso. Abusa akhala apowa ankabwera masana n'kukhala pa ndowa, osalalikira, kumangoonerera ndikuyeza.

Tsiku limene muyeso wa kuno ndi wa uko unafanana, sindinavine. Ndinangozimitsa mota basi. Koma dziwani kuti Magogo sanachire kotheratu. Pafupi ndi chaki, pamene ndinkapaka kwambiri phulusa, njanji zinadyeka. Mpaka lero ndikafika pamenepo ndimachita kuwongolera ndi dzanja, ndipo zidzakhala choncho mpaka mashiniwo adzathe.

Kenako ndinabwera muno, ndili bwinobwino wosamwa, n'kuimirira pamalo omwe aja. Ndinanena kuti ndinanama, a Binwelo alibe mlandu, mfiti inali paipi yanga ndi simenti yopendekera. Munaomba m'manja, zikomo. Koma ndikutuluka ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuti, "Waona? Amutseka pakamwa ndi mankhwala." Bodza ndinalinena kamodzi, anthu n'kulikhulupirira tsiku lomwelo. Choona ndakhala ndikuchinena zaka zonsezi, ndipo alipo mpaka lero amene sapatsira a Binwelo katundu wawo. Chimenechi chimanditopetsa kuposa ntchito.

Ndinapita ku Park Station kukawafuna. Anali ataonda, jekete likungolendewera. Atandiona anatembenuza ngolo n'kulowera kwina. Ndinapitanso, anachita chimodzimodzi. Ndinkangoima pa khoma n'kumawaonerera akugwira ntchito. Ngolo yawo inali itatha, mateyala akuyenda chopepeluka, ikulira kwii, kwii, moti ankachita kukankha ndi chifuwa. Tsiku lina ataima kudikira basi, ndinangopita n'kugwada pambali pa ngoloyo, n'kutulutsa veniya, n'kuyamba kuyeza ekiselo, chitsulo cholowa m'mateyala chija. Sanandithamangitse. Anangoyang'ana kumbali ngati palibe munthu.

Ndinasema ekiselo yatsopano ndi mabushi ake. Inali ntchito yaitali yoyamba chichirire Magogo, ndipo ndinaiyeza kambirimbiri ngati ndi ya ndege. Ndinakaimanga pomwepo pa siteshoni, nditagwada pakati pa miyendo ya anthu ndi zikwama zawo. Nditamaliza sindinadzuke. Ndinati, "Alamu, ndinakulakwirani. Munandiuza za pansi paja, ine sindinamve. Ndinakuipitsirani dzina pachabe. Ndikhululukireni." Anthu ankatilambalala, wina mpaka anandiponda chala. A Binwelo anagwira ngolo, anaikankha pang'ono, anaibweza. Sinalire. Anakweza katundu wa mayi wina n'kumapita.

Ndinabwerera ku galaja ndikudziwa kuti ndayesa zonse zimene ndikanatha. Masabata anadutsa. Amakanika anayamba kubwerera mmodzimmodzi, ena mpaka pano sanabwerere. Zida ndinkagulanso pang'onopang'ono kwa ogulitsa zakale. Kumudzi kunali zii, monga anandiuzira mayi a Tadala.

Inu amene mwayamba kuganizira anthu, ndikupempheni chinthu chimodzi. Musanapite kunsi kwa milatho kuja, gwadani kaye muone pamene mwaika chinthu chanucho. Yang'anani pansi, masulani chimene munamanga ndi ukali, funsani amene analipo tsiku loyamba. Ndipo amene amakubweretserani chakudya m'dziko la eni lino, muganize kawiri musanamumenye dzanja.

M'mawa wina ndikuthira mafuta pa njanji, ndinaona chithunzithunzi pakhomo. Ngoloyo sindinaimve ikubwera, poti inali itasiya kulira. A Binwelo anaiimika, anatola mwala n'kutsekera kuteyala kuti isathawe, n'kulowa. Sanandipatse moni. Anapita molunjika ku mwendo wachinayi, anawerama movutikira, n'kuyang'ana tizitini tija, zilembo za mowa zikuonekera m'mbali. Anayang'ana nthawi yaitali. Atadzuka anafunsa, "Mowa wake unathera pamenepa?"

Ndinati, "Unathera pamenepo, alamu."

Anagwedeza mutu. Anatambasula dzanja ngati akufuna kusisita Magogo, koma analibweza lisanafike, n'kundiyang'ana. Ndinati, "Agwireni, alamu, chonde." Anawagwira pang'ono ndi nsonga za zala.

Kenako anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kapepala ka mtedza. Ndinadziwa kuti mkazi wanga ndi mwana wanga ali m'kapepala kameneko. Anakatsekula bwinobwino. Ine ndinapukuta manja pa ovolosi, n'kutambasula. Koma iwo sanandipatse. Anayamba atenga kanjere kamodzi, n'kukaonetsa kwa ine, n'kuika m'kamwa mwawo. Anatafuna ndikuona, anameza, anadikira pang'ono. Atatero m'pamene ananditambasulira kapepalako.

Ndinadya, abale, misozi ikugwera m'dzanja momwemo. Mayi a Tadala anabwera ndi basi ya mwezi wotsatira, ndipo ndi awo akhala ku azimayiko. A Binwelo anapeza chipinda chabwinoko, ndipo amadzeranso pa galaja m'mawa uliwonse ndi mtedza wawo. Timacheza, timaseka, Magogo amawapatsa moni ngati kale. Koma kanjere koyamba ndi iwo amayamba kudya, ine ndikuona. Ndawapempha kambirimbiri kuti asiye, ndawagwira mpaka mwendo. Amangoti, "Palibe kanthu, alamu, chizolowezi chabe." Dzulo lomweli anachitanso.